Mafunso ndi mayankho: kukhumudwa ndi nkhawa mwana akabadwa, komanso thandizo lomwe lilipo kuno ku Blantyre

Mwana akabadwa pakhomo pamakhala piringupiringu. Abale, amvano, oyandikana nawo nyumba, onse amabwera kudzaona mlendo, wina ndi sopo, wina ndi nsalu, wina ndi kaufa m'jumbo. Funso limakhala limodzi: kodi akuyamwa? Ndi ochepa amene amatembenukira kwa mayi wake n'kufunsa kuti, nanga inuyo mtima uli bwanji? Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amayi, abambo ndi agogo amafunsa akapeza munthu womasuka naye, nthawi zambiri motsitsa mawu, khomo litatsekedwa.

Ndachira bwinobwino, mwana ndi wathanzi, koma ndikungolira. Chandivuta n'chiyani?

Ngati papita masiku 3, 4 kapena 5 chibadwire mwanayo, musadabwe. Amayi oposa theka amadutsa m'nyengo imeneyi. Pa nthawi ya pakati thupi limakhala ndi mahomoni ambiri otchedwa estrogen ndi progesterone, ndipo nsengwa ikangotuluka amatsika mwadzidzidzi. Onjezanipo kusagona, mabere otupa, bala la opaleshoni kapena la kunjira, ndi mwana wolira usiku wonse. Mayi amalira popanda chifukwa, kenako n'kuseka, kenako n'kupsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Pachingerezi amati baby blues. Zimatha zokha pasanathe masabata 2, ndipo mankhwala ake ndi tulo, chakudya ndi munthu wokulandirani mwana.

Masabata 2 akadutsa koma mtima ukadali pansi, kapenanso zikunka zikula, pamenepo ndi nkhani ina. Amenewo ndi matenda a kukhumudwa a mayi wobereka kumene. Amatha kuyamba mayi akadali ndi pakati, amathanso kuyamba mwana ali ndi miyezi 6 kapena 8, anthu onse atasiya kale kubwera kudzazonda.

Ndingadziwe bwanji kuti si kutopa chabe? Mayi aliyense woyamwitsa amatopa.

N'zoona, ndipo n'chifukwa chake matendawa amabisala. Kusiyana kwake n'kwakuti wotopa akapatsidwa mpata amagona, akadzuka n'kumva bwinoko. Wodwala amagona chagada maso ali gwa, mwana ali mtulo pambali pake, mutu ukuzungulira ngati chigayo. Zomwe zinkamusangalatsa, monga kwaya, macheza a pampopi, kapena sewero la pawailesi, zimasanduka zosakoma. Nsima siilowa, kapena amangodya osaimva kukoma. Amaiwala ndiwo pamoto. Kusamba kokha kumakhala ngati kukwera phiri la Soche. Ndipo mumtima mumamveka mawu osaleka: ndine mayi wolephera, mwanayu akanabadwa kwa wina, pakhomo pano ndine mtolo.

Ife Amalawi kawirikawiri sitinena kuti "ndakhumudwa." Timati mtima ukuthamanga, mutu ukundiwawa masiku onse, m'thupi monse mwaphwanyika, ndikuganiza kwambiri. Mayi amapita kuchipatala katatu, amuyeza malungo osawapeza, n'kubwerera ndi panado. Ngati zimenezi zakuchitikirani, ulendo wotsatira mukatchulenso za tulo ndi za maganizo, chifukwa mwina ndi pamene pagona nkhani.

Ine sindilira, koma ndili ndi mantha nthawi zonse. Ndimadzuka kambirimbiri kuona ngati mwana akupuma. Nazonso ndi matenda?

Nkhawa ndi kukhumudwa zimayendera limodzi, koma nkhawa imathanso kubwera yokha. Kholo lililonse limasuzumira mwana usiku. Vuto limakhalapo pamene kusuzumirako sikukupatsani mtendere: mwaona kuti akupuma, mwabwerera pamphasa, patangopita mphindi 5 mwadzukanso. Simulola munthu wina kumunyamula. Simukwera naye minibasi. Nthawi zina mantha amakugwerani mwadzidzidzi, mtima n'kumagunda kwambiri, mpweya kubanika, manja kuchita dzanzi, mpaka kuganiza kuti imfa yafika. Mantha oterewa amakwera n'kutsika okha m'mphindi zowerengeka ndipo sapha, ngakhale amazunza.

Pali chinthu china chimene amayi amabisa kuposa zonse, ndipo ndikufuna ndichinene poyera. Mukusambitsa mwana, ganizo n'kungobwera: nanga atandipulumuka m'besenimu? Mukudutsa pafupi ndi mbaula, chithunzi n'kubwera m'mutu cha mwana atagwera pamoto. Mwagwira mpeni kuti mudule tomato, thupi n'kuchita tsemwe. Mayi amadzifunsa kuti, kodi ndine mfiti? Kodi ndagwidwa ndi chiwanda? Ayi, mayi. Maganizo obwera okha otere amafikira makolo ambiri, abambo omwe. Ubongo wa kholo latsopano umakhala tcheru kufunafuna ngozi, ndipo nthawi zina umakuonetsani ngoziyo ngati kanema. Kuti mukunyansidwa nawo ndi kuchita nawo mantha ndi umboni wakuti simukufuna kuwachita. Choipa chake n'chakuti mukamalimbana nawo kuti achoke m'pamene amabwera kwambiri, kenako mumayamba kupewa kusambitsa mwana kapena kukhala naye nokha. Akafika pamenepo uzani wachipatala. Ophunzira za matenda a maganizo amawadziwa bwino maganizowa ndipo sadabwa nawo.

Ndiye kuti ndayamba misala?

Ayi. Wodwala kukhumudwa kapena nkhawa amadziwa komwe ali, amadziwa mwana wake, ndipo amadziwa kuti china chake sichili bwino.

Koma alipo matenda ena oopsa amene banja lililonse liyenera kuwadziwa. Amagwira mayi 1 kapena 2 mwa amayi 1,000 obereka, ndipo nthawi zambiri amayamba m'masabata 2 oyambirira. Mayi amatha masiku osagona koma osaoneka kutopa, amalankhula zosagwirizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, amakhulupirira kuti mwana si wake, kapena kuti wina akufuna kumuba, kapena kuti watumidwa kuchita chinachake pa mwanayo. M'mawa amaoneka bwino, madzulo wasokonezeka. Apa palibe zodikira kuti kuche kapena kuti malume afike kuchokera kumudzi. Musamusiye yekha ndi mwana, mutengereni ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, tsiku lomwelo. Matendawa amachizika, ndipo amayi ambiri amabwerera mwakale. Amene anadwalapo matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kusangalala mopitirira muyezo ndi kukhumudwa kwambiri), kapena amene zinawachitikirapo pa uchembere wam'mbuyo, auze azamba akangoyamba sikelo ya pakati.

Chimodzimodzi ngati mukuganiza zodzipha. Uzani munthu lero, osati mawa, ndipo pitani kuchipatala. Achibale achotse m'nyumba tameki, mankhwala a m'munda ndi mapilitsi onse osungidwa.

Kodi tilipo ambiri?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi pafupifupi 13 mwa 100 obereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimafika pafupifupi 20 mwa 100. Ndiye kuti mayi 1 mwa amayi 5. Tsiku la sikelo mukawerenge amayi amene mwakhala nawo pabenchi limodzi.

Chimayambitsa n'chiyani? Apongozi akuti pali munthu wandichita chipongwe.

Palibe chifukwa chimodzi. Pali za m'thupi: mahomoni aja, kusagona, kuchepa kwa magazi makamaka ngati munataya ambiri pobereka, komanso chithokomiro cha pakhosi chimene kwa amayi ena chimasokonekera akabereka. N'chifukwa chake dokotala wabwino amayezanso magazi asanagamule. Pali za m'mbuyo: ngati munadwalapo maganizo, kapena matendawa alipo kumtundu. Ndipo pali za moyo, zimene kwa ife kuno ndiye zikuluzikulu. Mimba yokanidwa. Mwamuna womenya kapena woledzera, kapena amene anapita ku Joni n'kungoti zii. Lendi, ngongole ya banki m'khonde, katapila. Mtsikana amene wasiyira sukulu panjira. Kudziwa koyamba kuti muli ndi kachilombo ka HIV pa sikelo ya pakati. Kubereka movutikira mpaka kuona imfa ndi maso. Mabanja a ku Chilobwe, Manje ndi madera ena amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ali ndi zilonda zimene kubadwa kwa mwana kumatha kuzitukusula.

Palinso chimene tawuni inatilanda. Kumudzi mayi amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, osaphika, osatunga madzi, anchembere akumuphikira phala ndi kumuthowa ndi madzi otentha. Makolo athu ankadziwa kuti wobereka ndi wodwala. M'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ku Mbayani kapena ku Bangwe, mayi amatuluka m'chipatala lero, mkuja ali pamzere wa madzi, bambo apita kuganyu mbandakucha. Amayi ake amabwera sabata imodzi n'kubwerera kukapalira.

Za kulodzedwa sindingatsutsane ndi apongozi anu patsamba lino. Chimene ndingakupempheni n'chakuti kufufuza wolodzayo kusakuchedwetseni kupita kuchipatala, ndipo mankhwala azitsamba osadziwika mlingo asamwedwe ndi mayi woyamwitsa kapena kumwetsedwa kwa khanda. Ndipo pasapezeke woloza mayi chala kuti mwana wanyentchera chifukwa cha tsempho, pamene mayiyo akulephera kudya ndi kuyamwitsa chifukwa chodwala.

Ndipite kuti kuno ku Blantyre?

Yambani pamene mumapita kale. Zipatala zazing'ono za boma za ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, South Lunzu ndi Chileka n'kumene amayi ambiri amachitira sikelo, ndipo thandizo lake ndi laulere. Mumapitako pakatha sabata imodzi, pakatha masabata 6, kenako ku katemera wa masabata 10 ndi 14. Ulendo uliwonse mwa imeneyi ndi mpata. Funsani tsiku limene namwino kapena kiliniko wa matenda a maganizo amaona odwala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakulondolereninso.

Akaona kuti n'kofunika amakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu, kumene kuli kiliniki ya matenda a maganizo yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina loti Room 6. Kumeneko kumagwiranso ntchito akatswiri ndi ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences, yunivesite imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Anthu ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Ku Zomba kumapita odwala kwambiri ofunika kugonekedwa. Amayi ambiri okhumudwa kapena a nkhawa amathandizidwa akugona kunyumba kwawo.

Mungathenso kuimba ku Chipatala cha pa Foni pa nambala 54747, yomwe ndi yaulere. Mumzinda muno mulinso aphungu ndi madokotala olipiritsa. Musanayambe nawo funsani mtengo, funsaninso maphunziro awo. Musachite manyazi, ndi ndalama zanu.

Akuti thandizo loyamba ndi uphungu. Kukamba kokha kungachiritse munthu?

Funso ili ndimalimvetsa. Tinazolowera kuti kuchipatala kopanda jakisoni kapena mapilitsi ndi ulendo wachabe. Komanso mawu oti uphungu timawamva ngati malangizo a ankhoswe kapena anamkungwi: iwe khala pansi, ife tikuuze. Uphungu wochiza maganizo suyenda choncho. Mphungu amafunsa ndi kumvetsera kwambiri kuposa kulankhula, ndipo pali ndondomeko imene mumatsata limodzi sabata ndi sabata.

Njira yodziwika kwambiri imatchedwa CBT. Mfundo yake ndi yakuti ganizo, mmene mukumvera, ndi chimene mukuchita zimakokana ngati ng'ombe za pangolo imodzi. Tiyerekeze mwana walira kwa ola lathunthu. Ganizo likubwera: sandifuna, ndalephera. Mtima ukugwa. Mukumupereka kwa mlamu wanu n'kukadzitsekera kuchipinda. Mwana akutonthola m'manja mwa mlamuyo, ndipo ganizo lija likuti, waonatu. Mphungu amakuthandizani kuligwira ganizolo n'kulifunsa mafunso. Kodi dzulo anatonthola m'manja mwa ndani? Kodi ana a anzanu salira madzulo? Mng'ono wanu atanena mawu omwewa mungamuyankhe chiyani? Sikuti akukunamizani kuti zonse zili bwino. Akukuthandizani kuona mbali imene matenda akubisirani.

Mbali ina ndi yochita. Wokhumudwa amadikira kuti mphamvu ibwere kaye ndiye adzuke, koma mphamvuyo imabwera munthu akayamba kuyenda. Ndiye mumagwirizana tinthu ting'onoting'ono: kusamba dzuwa lisanakwere, kukhala pakhonde ndi mnansi kwa mphindi 10, kuimbira mwana nyimbo imodzi mukumuyang'ana m'maso. Sabata yotsatira mumabwera kudzanena zomwe zatheka ndi zomwe zakanika.

Njira ina ndi yothetsa mavuto limodzilimodzi. Mayi wogulitsa mandasi amene ali ndi ngongole, lendi, mwamuna wosagona pakhomo ndi mwana wodwala chifuwa amaona zonse ngati chimtolo chimodzi chosanyamulika. Mphungu amamuthandiza kumasula mtolowo, kusankha vuto limodzi lomwe angathe kulikhudza sabata ino, kutchula njira zonse zomwe zingatheke, n'kusankha yekha imodzi. Mwina ndi kukapempha a banki m'khonde kuti abweze pang'onopang'ono. Umphawi sutha ndi uphungu, ndipo amene angakuuzeni kuti umatha akukunamizani. Koma mayi amene wayambanso kugona ndi kuganiza bwino amalimbana nawo mosiyana ndi amene wafooka.

Njirazi zinayesedwa kwa anthu ofanana nafe. Ku Pakistan, m'midzi ya ku Rawalpindi, Atif Rahman ndi anzake anaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi kupereka uphungu wotere kwa amayi apakati ndi oyamwitsa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2008 ndipo zinaonetsa kuti amayi ambiri anachira poyerekeza ndi amene sanaulandire. WHO inasindikiza ndondomekoyi mu 2015 pa dzina loti Thinking Healthy, ndipo imayang'ana zinthu 3: thanzi la mayi, ubale wa mayi ndi mwana, ndi ubale wa mayi ndi anthu omuzungulira. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi odwala mpaka maulendo 6. Matendawa Ashona amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, monga timanenera ife. Njira ya benchiyi yayesedwanso kuno ku Malawi. Chimene chimandilimbitsa mtima pa zonsezi n'chakuti opereka thandizolo sanali madokotala. Anali anthu wamba ophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Nthawi zambiri maulendo 6 mpaka 16, kamodzi pa sabata poyamba, kenako motalikirana. Ulendo woyamba ena amatuluka atalira kwambiri n'kuganiza kuti zawonjezeka. Musalekere pomwepo. Mwana mungapite naye, ndipo kuyamwitsa muli mkati mokambirana si vuto.

Nanga mankhwala? Ndikuyamwitsa.

Matenda akakhala aakulu, kapena uphungu wokha ukapanda kukwanira, mankhwala amathandiza, ndipo kwa amayi ambiri palibe chifukwa chosiyitsira mwana bere. M'zipatala za boma amene amapezeka kawirikawiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Palinso sertraline, amene madokotala amakonda kupereka kwa oyamwitsa chifukwa amalowa pang'ono kwambiri mumkaka. Wosankha ndi dokotala, ndipo muuzeni ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kapena ndi wochepa thupi, popeza ana otere amafunika kuwayang'anira kwambiri. Mukaona mwana akugona mopitirira, akukana kuyamwa kapena akuvuta mosazolowereka, bwererani kuchipatala.

Mankhwalawa sali ngati panado. Amayamba kugwira ntchito pakatha masabata 2 mpaka 4, nthawi zina 6, pamene zovuta zake monga nseru, mutu kapena kuuma m'kamwa zimayamba msanga n'kumatha pang'onopang'ono. Ambiri amasiyira pamenepa n'kumati sakuthandiza. Ena amasiya akangomva bwino, matenda n'kubwerera. Muyenera kupitiriza kwa miyezi yosachepera 6 mutachira, ndipo posiya mumachepetsa pang'onopang'ono mouzidwa ndi dokotala. Sapangitsa chibaba ngati fodya kapena mowa. Amene amazolowereka m'thupi ndi mapilitsi ogonetsa monga diazepam, ndipo amenewo musagule pamsika kapena kupatsidwa ndi mnzanu.

Amitriptyline amagonetsa, choncho usiku mwana agone pakepake ndipo pakhale wina womumvera. Akamwedwa ambiri nthawi imodzi ndi oopsa, ndiye ngati maganizo ofuna kufa amakubwererani, asungidwe ndi wachibale amene azikupatsani a tsiku limenelo okha.

Ndimamwa ma ARV. Zingaphatikizane?

Inde, koma aliyense wokulemberani mankhwala adziwe zonse zomwe mukumwa. Tengani mabuku anu onse. Dziwaninso kuti nthawi zina kukhumudwa n'kumene kumapangitsa amayi kudumphitsa ma ARV kapena kuiwala mankhwala a mwana, osati kusasamala. Ngati zachitika, nenani zoona ku kiliniki kuti akuthandizeni pa zonse ziwiri.

Ndine bambo. Chibadwire mwana ndimapsa mtima msanga ndipo sindifuna kufika pakhomo. Zimagwiranso amuna?

Zimagwira, pafupifupi bambo 1 mwa abambo 10, makamaka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, ndipo mpata umakula ngati mayi nayenso akudwala. Koma mwa abambo sizioneka ngati misozi. Tinaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, ndiye zimatulukira kwina: ukali, kukhala chete, kuchedwa kubawo kapena kumowa, kubetcha mpira pafoni ndi ndalama ya matewera poganiza kuti mwina lero zitheka. Pansi pa zonsezo pamakhala mantha a munthu amene akuwerengera ndalama usiku n'kupeza kuti sizikukwana. Achimwene, zipatala zomwe tatchulazi ndi zanunso, ndipo uphungu ndi womwewo. Yambaninso kumugwira mwanayo, kumusambitsa, kumuika pachifuwa. Abambo ambiri amadziona ngati alendo m'nyumba mwawo chifukwa ntchito yokhayo imene anapatsidwa ndi yosaka ndalama.

Koma kudwala si chilolezo chomenyera mkazi. Mayi amene akuchitiridwa nkhanza apite ku Victim Support Unit ya polisi, kapena ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitiridwa nkhanza ku Gulupu, kapena aimbe 5600. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Palibe uphungu umene ungachiritse mayi amene usiku uliwonse akugona ndi mantha a chibakera.

Ndine mayi ake, kapena apongozi ake. Tingamuthandize bwanji?

Choyamba, siyani mawu awa: limba mtima, ife tinabereka ana 8 osadandaula, thokoza Mulungu ena akusowa ana. Ndikudziwa kuti mumanena mwachikondi, koma kwa wodwala amamveka ngati chigamulo, ndipo amangophunzira kumwetulira mukakhalapo. Si ulesi, si matama, si kusayamika.

Chachiwiri, mupatseni tulo. Maola 4 kapena 5 osadukiza pa tsiku ndi mankhwala enieni. Mwana akayamwa mutengeni, mukamubweretse akamva njala. Chapani matewera, tungani madzi, muikireni chakudya pafupi osadikira kuti apemphe. Mwana akamalira m'manja mwake musathamangire kumulanda ngati walakwitsa. Khalani naye pambali n'kumuuza chimene akuchita bwino. Alendo achepe. Ndipo tsiku la sikelo mperekezeni, chifukwa mwina mawu amukanika pakamwa ndipo inu ndi amene munganene zimene mwakhala mukuona.

Kodi mapemphero sakwanira?

Pempherani, ndipo mpingo kapena mzikiti ukhale pafupi. Amvano, amayi a Dorika, amayi a Chikatolika ndi magulu a amayi a Chisilamu amachita ntchito yaikulu imene chipatala sichingathe. Koma mayi wa BP amapemphera akumwanso mankhwala ake, ndipo palibe amene amati chikhulupiriro chake n'chochepa. Ndimadandaula ndikamva mayi woyamwitsa atauzidwa kusala kudya masiku angapo, kapena kuchezera kuphiri usiku wonse, pamene kusowa tulo ndi chakudya n'kumene kukukulitsa matenda ake. Wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala, funsani kaye amene anakupatsani.

Mwana wanga anabadwa masiku asanakwane. Wa mnzanga anamwalira pobadwa. Ifenso zikutikhudza?

Kwambiri. Mayi amene wakhala masabata ku Chatinkha, wodi ya makanda ku Gulupu, akufinya mkaka, kapena atamangirira kamwana pachifuwa pa njira ya kangaroo, amafika kunyumba mantha asanamuchoke. Ena akangotseka maso amaonanso zonse za tsiku lobereka, n'kumaopa ngakhale kudutsa pafupi ndi chipatala. Zimenezi zili ndi chithandizo chake.

Amene wataya mwana ndiye amaiwalika msanga. Mwambo wathu umati khanda lotere silirilidwa, amayi ochepa amakaika mwakachetechete, ndipo mwini wake amauzidwa kuti mudzabereka wina. Koma mabere akutuluka mkaka, ndipo tizovala tija tili m'chikwama. Mayi ameneyu ndi bambo wake ali pa maliro enieni. Aloledwe kulira, kumutchula mwanayo, ndi kupita kukalandira uphungu ngakhale m'manja mulibe mwana wopita naye ku sikelo.

Ndiyenera kubwerera kuntchito koma sindinachire.

Lamulo la ntchito la Employment Act limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Litakonzedwanso mu 2021 linapatsanso abambo masabata 2. Ngati mukudwala, kalata ya dokotala ya matenda a maganizo ndi kalata ya kuchipatala ngati ina iliyonse. Amayi a geni ndi a ntchito za m'nyumba nthawi zambiri alibe mwayi wotere, ndipo kwa iwo tchuthi ndi m'bale amene angawakhalire pabenchi la tomato masiku angapo.

Ndikanena, sandilanda mwana? Anthu samva?

Kukhumudwa kapena nkhawa si chifukwa choti mayi alandidwe mwana. Cholinga cha chithandizo n'chakuti inu ndi mwana mukhale limodzi bwino. Zokambirana ndi wachipatala ndi zachinsinsi, kupatula pamene moyo wanu kapena wa mwana uli pangozi, ndipo pamenepo amaitana wachibale kuti akutetezeni. Ngati pamzere pali anthu okudziwani, pemphani kulankhula ndi namwino pambali.

Mwana wanga sindikumumvera chikondi. Ndamuwononga?

Chikondi sichibwera tsiku lobadwa kwa mayi aliyense, ndipo matendawa amachititsa mtima dzanzi. Mukumuyamwitsa, mukumusambitsa, mukudzuka akalira, ndipo mukufunsa funso ili. Mukamachira dzanzilo limatha. N'zoona kuti matenda akakhalitsa osachizidwa amatha kukhudza kayamwidwe ndi kakulidwe ka mwana, koma chimenecho chikhale chifukwa chopitira msanga, osati chodziimbira mlandu. Pakadali pano bambo ake, agogo ake ndi azakhali ake azimuseweretsa ndi kumulankhula.

Zidzabwereranso pa mimba ina?

Zingathe, ndipo mpata wake ndi wokulirapo kuposa kwa mayi amene sanadwalepo. Koma ulendo uno mukuzidziwa zizindikiro. Kambiranani za kulera kuti thupi ndi mtima zipume, ndipo mukadzaima uzani azamba pa sikelo yoyamba kuti alembe m'buku. Ngati mukumwa mankhwala a maganizo n'kuzindikira kuti muli ndi pakati, musasiye nokha, pitani mukafunse. Amene amamwa sodium valproate akambirane ndi dokotala asanaime, chifukwa amavulaza mwana m'mimba.

Ndikafika kwa namwino ndiyambe bwanji? Mzere umakhala wautali ndipo amafulumira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino amene waona ana 60 m'mawa umodzi mwina safunsa, ndiye yambani ndinu, asanatseke buku. Mawu ochepa akwanira: "Anesi, mwana ali bwino koma ine sindili bwino. Papita mwezi sindikugona, ndikungolira, ndipo ndikuganiza kwambiri." Ngati maganizo ofuna kufa kapena oopsa aja amabwera, atchuleni momwe alili. Mwina akufunsani mafunso 10 a pa fomu yotchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, imene inapangidwa ku Scotland mu 1987 ndipo inamasuliridwa m'Chichewa. Amafunsa za masiku 7 apitawa: ngati mwatha kuseka, ngati mwakhala mukudziimba mlandu, ngati mwachita mantha popanda chifukwa. Si mayeso oti mukhoze, yankhani mmene zilili. Pakamwa pakalemera, lembani papepala kunyumba mukangopereka, kapena muonetseni tsamba lino pafoni n'kuloza funso limene likunena za inu. Mukayankhidwa mwachidule kuti zitha zokha pamene papita kale masabata oposa 2, funsani tsiku la kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo mubwerenso tsiku limenelo ndi munthu wokuperekezani.